Kubwereka zitsanzo za ku myuziyamu pochita kafukufuku: nkhani ya chambo chimene chili ku London

Tiyanjane, Lilongwe

Moni nonse a pagulu lino. Ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri pa za nsomba, ndipo kafukufuku wanga akukhudza mitundu ya chambo ya m'nyanja ya Malawi, makamaka mtundu umene akatswiri amautcha Oreochromis lidole, umene bungwe loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN linauika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Asodzi a ku Mangochi akandipatsa nsomba n'kunena kuti ndi lidole, ndilibe njira yotsimikizira mawu awowo popanda kuiyerekeza ndi nsomba zenizeni zimene Ethelwynn Trewavas anagwiritsa ntchito pamene ankapereka dzinali mu 1941. Nsomba zimenezo zili m'mabotolo ku Natural History Museum ku London.

Ndili ndi mafunso awiri kwa amene mukudziwa za ntchitoyi. Kodi wophunzira ngati ine angathe kubwereka nsomba zoterezi kuti zibwere kuno, ndipo ngati n'zotheka, njira yake ndi yotani? Chachiwiri, kodi angandilole kudula kachidutswa ka chipsepse kuti ndiyeze DNA, kapena zimenezi siziloledwa n'komwe?

Bambo Kalua, Zomba

Zikomo mayi Tiyanjane chifukwa cha mafunso abwinowa. Ndisanapume pantchito ndinkasamalira zitsanzo za nyama, choncho ndiyankha malinga ndi mmene ndinkaonera zinthu zikuyendera. Choyamba n'chakuti myuziyamu sibwereketsa katundu wake kwa munthu, koma kwa bungwe. Kalata yopempha iyenera kuchokera kwa aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanu, kapena kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo iwowo ndi amene adzasaine chikalata cha mgwirizano. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: wophunzira amamaliza maphunziro n'kuchoka, pamene sukulu imakhala pomwepo ndipo ikhoza kufunsidwa ngakhale patapita zaka khumi.

Kalatayo isangonena kuti mukufuna chambo. Mulembe nambala ya nsomba iliyonse imene mukuifuna, chimene mudzachite nayo, zipangizo zimene mudzayezere, chipinda chimene idzasungidwe, ndi tsiku limene mudzaibweze. Nambala za nsomba za ku London zimayamba ndi zilembo BMNH, kenako chaka, mwezi ndi tsiku limene nsombayo inalembedwa m'kaundula, ndipo zambiri mwa izo mukhoza kuzipeza nokha pa intaneti musanalembe kalata. Nthawi imene amapereka kawirikawiri ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo mukaona kuti simumaliza, mumapempha kuti akuonjezereni nthawiyo isanathe.

Koma nsomba zimene mukuzifunazo si nsomba wamba. Ndi zija akatswiri amazitcha type, kutanthauza zitsanzo zimene dzina la mtundu wonse linamangidwapo, moti zikatayika palibe china chimene chingalowe m'malo mwake mokwanira. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zimenezi zimaumira kwambiri pa zitsanzo zotere. Zina sizilola n'komwe kuti zituluke pakhomo, zina zimalola kwa nthawi yochepa, ndipo pafupifupi zonse sizitumiza zitsanzo zonse za mtundu umodzi m'phukusi limodzi, kuopa kuti phukusilo likasochera zonse zingapitire limodzi.

Akavomera, nsombayo siibwera m'botolo lake. Amaivuula, n'kuikulunga pamodzi ndi kapepala kake m'kansalu kopyapyala konyowetsedwa ndi sipiriti, kenako amaiika m'thumba la pulasitiki lomatidwa ndi moto, thumbalo n'kulilowetsa m'thumba linanso, ndipo kunja kwake amaikako zinthu zoyamwa madzi. Malamulo a bungwe la zandege la IATA, pa ndime A180, salola kuti m'kathumba kamodzi mukhale madzi opitirira mamililita 30. Phukusi likafika mumalitsegula tsiku lomwelo, mumawerenga zonse mogwirizana ndi chikalata chimene chabwera nalo, mumasaina n'kudziwitsa eni ake, ndipo nsombayo mumaibwezera msanga mu ethanol wa mphamvu ya 70 pa 100, chifukwa ikangouma imapindika ndipo miyeso yake yonse imasokonekera. Kapepala kam'kati kaja musakasiyanitse ndi nsomba yake ngakhale kwa mphindi imodzi. Nsomba imene sikudziwika kuti inagwidwa kuti, liti, ndi ndani, ilibenso ntchito pa sayansi.

Tiyanjane, Lilongwe

Zikomo kwambiri bambo Kalua. Ndiye kuti ngakhale nditalemba kalata yabwino chotani, n'kutheka kuti angandikanize chifukwa cha mtundu wa zitsanzozo, osati chifukwa cha ine. Komabe ndikudabwa kuti masiku ano makampani onyamula katundu amatsata phukusi pa kompyuta kuchokera pamene lanyamuka mpaka kufika, nanga mantha onsewa ndi a chiyani?

Mayi Nasimango, Zomba

Achemwali, mantha amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo ife a zomera tinaionera pafupi. Mu 2017 myuziyamu ya Muséum national d'Histoire naturelle ya ku Paris inatumiza zitsanzo 105 za zomera za m'gulu la Lagenophora kwa akatswiri a ku Queensland Herbarium mumzinda wa Brisbane ku Australia. Phukusilo linafika bwinobwino m'dzikomo, koma akuluakulu oteteza dziko ku matenda ndi tizilombo anaona kuti mapepala ake anali osakwanira, ndipo nkhani ya mapepalayo isanathe, mu March chaka chomwecho phukusilo linatenthedwa. Zina mwa zomerazo zinali ma type. Miyezi yochepa m'mbuyo mwake, zitsanzo za ndere zochokera ku Allan Herbarium ku New Zealand zinaonongedwanso m'dziko lomwelo. A ku Paris anaimitsa kaye kubwereketsa zinthu ku Australia. Onani kuti phukusi silinasochere panjira, ndipo kompyuta inkadziwa bwino lomwe pamene linali. Chimene chinalipha ndi mapepala. Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo woyang'anira zitsanzo aliyense amaganiza zimenezi pamene akumata phukusi.

Komatu ndisakuopsezeni mopitirira, chifukwa kutsekera zinthu pamalo amodzi kulinso ndi ngozi zake. Usiku wa pa 1 March 1943 mabomba anagwa pa nyumba yosungiramo zomera ya ku Berlin-Dahlem, ndipo mbali yaikulu ya zitsanzo pafupifupi 4 miliyoni inapsa, kuphatikizapo ma type ambirimbiri a zomera za kuno ku Africa. Zina mwa zimene zinapulumuka ndi zimene zinali zitabwerekedwa kunja, komanso zitsanzo zinzake za zomera zomwezo zimene zinali zitagawidwa ku nyumba yosungiramo zomera ya Kew ku England ndi kwina. Moto wa pa 2 September 2018 ku Museu Nacional mumzinda wa Rio de Janeiro, kumene kunali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, unatikumbutsanso zomwezo.

Ndionjezere kuti mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kusindikizidwa mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, sakanalembeka popanda kubwerekana. Katswiri amene akulemba za banja limodzi la zomera amasonkhanitsa mapepala a zomera zouma kuchokera m'mayiko ambiri, amawayala pa tebulo limodzi, ndipo pokhapo m'pamene amaona kuti mayina awiri ndi a chomera chimodzi. Pobweza, amamata kapepala kakang'ono pa chitsanzo chilichonse, polemba dzina limene watsimikiza, dzina lake iye mwini ndi chaka. Salemba pa kapepala koyambirira, ndipo safufuta zimene analemba anzake akale ngakhale zitakhala zolakwika. Ndiye mwini zitsanzo amapindula, chifukwa katundu wake amabwerako ali ndi mayina olondola.

Bambo Tembo, Chipata

Ndawerenga zonsezi mwachidwi, koma ndiloleni ndifunse funso limene mukulizemba. Nsombazo zinavuulidwa m'nyanja ya Malawi, mwina ndi manja a asodzi a komweko, nanga zikutheka bwanji kuti mwana wa ku Malawi azichita kupempha ndi kalata, n'kumadikira kuti amuyese ngati ali woyenera kuzikhudza? Ife kuno ku Zambia nkhani imeneyi timaidziwa bwino. Chigaza cha munthu wamakedzana chinapezeka mu 1921 mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, ndipo chinatengedwa kupita ku London, kumene Arthur Smith Woodward anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kuyambira m'zaka za m'ma 1970, nkhaniyi inafika mpaka ku komiti ya UNESCO, koma mpaka lero ana athu amaona chofanizira chabe, chenichenicho chili ku Natural History Museum.

Mu 2020 akatswiri anayezanso chigazacho n'kupeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000, zochepa poyerekeza ndi zimene ankaganiza kale. Zotsatirazi n'zabwino, sindikukana. Koma amene ali ndi makiyi a kabati ndi amene amasankha woyeza, nthawi yoyezera ndi funso loyenera kufunsidwa. Ndipo ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: munthu akasaina chikalata chobwereka, amakhala wavomereza kuti mwini katunduyo ndi wobwereketsayo. N'chifukwa chake mayiko ena amakana akauzidwa kuti atenge zinthu zawo mongobwereka kwa nthawi yaitali.

Bambo Kalua, Zomba

A Tembo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Pa nkhani ya chigaza cha ku Kabwe ndili kumbali yanu, chifukwa ndi chinthu chimodzi chokha padziko lonse, ndipo ngakhale phanga limene chinapezekamo linatha ndi ntchito ya mgodi. Ku Britain amaloza lamulo lawo la British Museum Act la 1963, limene limaletsa kupereka zinthu za ku British Museum ndi ku Natural History Museum kupatula pa zifukwa zochepa, koma lamulo limapangidwa ndi anthu ndipo anthu akhoza kulisintha.

Komabe ndikuona kuti nkhani ya nsomba ndi yosiyanako. Nsomba zoyamba za m'nyanja yathu kulembedwa m'mabuku a sayansi ndi zimene John Kirk anasonkhanitsa pa ulendo wa David Livingstone, ndipo Albert Günther anazifotokoza mu 1864. Zinali zikopa zouma chabe, koma zilipobe, patapita zaka zoposa 160, chifukwa mbadwo ndi mbadwo panali munthu wolipidwa kuti azizisamalira. Pa nsomba za m'mabotolo ntchitoyo ndi yosatha: kuyendera mashelefu, kuona botolo limene chitsekerero chake chang'aluka, kuthiramo ethanol wina. Ine ndinaonapo ndi maso anga mabotolo a nsomba atauma mpaka pansi m'chipinda china chimene sindichitchula, osati chifukwa cha ulesi wa ogwira ntchito, koma chifukwa ndalama zogulira ethanol sizinkabwera. Tikamanena kuti zinthu zibwerere, tinenenso kuti ndalama zozisamalira zilembedwe mu bajeti chaka ndi chaka.

Tisaiwalenso kuti nafenso timabwereketsa, ndipo pamenepo m'pamene tili ndi mphamvu zimene nthawi zambiri sitizigwiritsa ntchito mokwanira. Taganizirani za Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha m'gulu la ma dinosaur. Mafupa oyamba anasonkhanitsidwa ku Karonga ndi Frank Dixey, ndipo Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928. Amenewo anapita ku myuziyamu ya ku Cape Town. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University mumzinda wa Dallas ku America, mogwirizana ndi Dipatimenti ya Antiquities, anakumba mafupa ena ambiri ku Mwakasyunguti. Mafupawo anapita ku Dallas kuti akachotsedwe m'miyala ndi kuunikidwa, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus. Chimene chimandisangalatsa pa mgwirizano umenewo n'chakuti mafupa sanapite okha. Elizabeth Gomani anaphunzira kumeneko mpaka digiri ya udokotala, ndipo ndi iye amene anafotokoza nyama zina zamakedzana, Malawisuchus mu 1997 ndi Karongasaurus mu 2005. Ine ndimati chikalata chilichonse chotulutsira zinthu zathu kunja chizikhala ndi ndime zitatu zosakambirana: tsiku lobwezera, dzina la Mmalawi amene agwire nawo ntchitoyo, ndi lonjezo lakuti zithunzi ndi zotsatira zonse zidzasiyidwa kuno.

Achimwene Mwale, Cape Town

Ndiyankhe funso lachiwiri la mayi Tiyanjane, chifukwa ndi limene ndimalimbana nalo mu labotale. Chilolezo chobwereka sichikupatsani ufulu wodula kanthu. Kudula chipsepse, kuchotsa mamba, kuboola fupa kapena kuthothola tsamba kumafuna pempho lapadera, limene nthawi zambiri limaunikidwa ndi komiti. Adzakufunsani ngati funso lanu silingayankhidwe mwa njira ina, ngati munayesapo njira yanuyo pa zitsanzo zosavuta kupeza n'kuona kuti ikugwira, kukula kwa kachidutswa kamene mukufuna, ndi kumene mudzaike zotsatira zake. Ambiri amalamula kuti zotsatira za DNA ziikidwe poyera, monga ku GenBank, nkhokwe ya pa intaneti ya zotsatira za DNA, pamodzi ndi nambala ya chitsanzocho, ndiponso kuti DNA yotsala ibwezedwe, kuti wina wobwera pambuyo panu asadzadulenso.

Pa nsomba pali vuto lina. Nsomba zambiri zimene zinasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1900 zinkayamba zaviikidwa mu mankhwala otchedwa fomalini zisanaikidwe mu ethanol. Fomalini amalimbitsa thupi la nsomba kuti lisaole, koma amadula DNA m'tizidutswa ting'onoting'ono n'kuimamatiza ku mapuloteni. Njira zamakono zimatha kutolako kanthu, koma n'zodula ndipo zimalephera kawirikawiri. Choncho musanapemphe kudula, funsani woyang'anira zitsanzozo mmene nsombazo zinasungidwira kuyambira pachiyambi. Ngati zinalowa mu fomalini, musadabwe akakuuzani kuti sangaononge type pofuna kuyesa mwayi.

Kuumira kumeneku ndimakumvetsa ndikaganizira mafupa a anthu akale a kwathu. J. Desmond Clark anakumba mafupa a anthu pa phiri la Hora ku Mzimba mu 1950, zaka zitatu asayansi asanafotokoze n'komwe kaumbidwe ka DNA. Palibe amene akanalota pa nthawiyo kuti mafupawo adzayankha mafunso a chibadwa. Mu 2017 Pontus Skoglund ndi anzake anasindikiza zotsatira za DNA ya anthu asanu ndi awiri akale a ku Malawi, ochokera ku Hora, ku Fingira cha ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, amene anakhalako pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Anapeza kuti anthuwo, amene ankakhalira kusaka ndi kutola zakutchire, anali pachibale ndi Asan a kummwera komanso Ahadza a ku Tanzania, ndipo chibadwa chawo sichinaoneke mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Aliyense amene anamvapo nkhani za Akafula kwa agogo ake akhoza kuona kukula kwa zimenezi. Zikanakhala kuti wina anapera mafupawo kalekale poyesa njira zosakhwima, bwenzi zonsezi palibe.

Ngakhale lero mtengo wake ulipo. DNA yambiri imapezeka m'fupa lolimba kwambiri limene limakuta khutu lam'kati, ndipo munthu aliyense ali ndi awiri okha. Woyeza amaliboola kapena kulidula kuti apeze ufa wolemera mamiligalamu makumi angapo, ndipo gawo limene laperedwalo silibwerera. N'chifukwa chake oyang'anira osamala amalamula kuti fupalo lijambulidwe ndi makina a CT, amene amaonetsa m'kati mwa chinthu, lisanakhudzidwe, ndiponso kuti la mbali inayo lisiyidwe lathunthu. Komanso awa ndi mafupa a anthu, osati a nsomba, choncho mafumu ndi anthu okhala pafupi ndi malowo ayenera kufunsidwa kafukufuku asanayambe ndi kuuzidwa zotsatira zake m'chilankhulo chawo.

Bambo Tembo, Chipata

A Mwale mwafotokoza bwino, koma mwatsimikiziranso mfundo yanga mosafuna. Ngati fupa lingaperedwe kamodzi kokha, ndiye kuti amene wayamba kufika ndi ndalama ndi makina amatenga mwayi umene mwana wa kuno akanadzaugwiritsa ntchito zaka makumi awiri zikubwerazi. Komiti yopereka chilolezo izikhala ndi mtima wotha kunena kuti dikirani.

Aphunzitsi Gondwe, Karonga

Ine si wasayansi, ndimaphunzitsa ku sekondale, koma chaka chilichonse ndimapita ndi ophunzira ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ana amaima pansi pa mafupa ofanizira a Malawisaurus n'kumayang'ana m'mwamba pakamwa pali yasa, ndipo palibe amene amadandaula kuti si mafupa enieni. Amamvanso za nsagwada ya munthu wamakedzana wa mtundu wa Homo rudolfensis imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zimenezi zimandipangitsa kuganiza kuti poonetsa anthu, chofanizira n'chokwanira, ndipo chenicheni chizituluka pokhapokha pali funso la sayansi limene silingayankhidwe pamalo pomwe chilili.

Ndikunena izi chifukwa cha nkhani ziwiri zimene ndinaziwerenga. Mafupa a Lucy, kholo lamakedzana la anthu, amene anapezeka ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, anachoka ku Addis Ababa mu 2007 kukaonetsedwa ku America, kuyambira ku Houston, ndipo anabwerera mu 2013. Akatswiri ambiri, kuphatikizapo Richard Leakey, anadzudzula ulendowo, ndipo a myuziyamu ya Smithsonian anakana kuwalandira. Ina ndi ya mu September 2023, pamene fupa la paphewa la Australopithecus sediba ndi fupa la chala chachikulu cha kudzanja cha Homo naledi, mitundu iwiri ya anthu amakedzana a ku South Africa, anakwezedwa m'chombo cha Virgin Galactic kupita m'mlengalenga m'thumba la munthu wolemera. Chilolezo chinalipo, koma sindikuona funso la sayansi limene ulendo umenewo unayankha. Ndiye ndifunse kwa odziwa: popeza masiku ano pali makina ojambula mpaka m'kati mwa fupa, kodi kubwereka zinthu zenizeni kukufunikirabe?

Achimwene Mwale, Cape Town

Aphunzitsi, pa zinthu zambiri zithunzi zalowadi m'malo mwa phukusi. Mu 2019 akatswiri anasindikiza zithunzi za CT za fupa lokuta ubongo wa Malawisaurus, zoonetsa malo a ubongo ndi khutu lam'kati, popanda kuliswa. Fayilo yotero ikhoza kutumizidwa kwa anthu chikwi tsiku limodzi. Koma makina ena sapezeka paliponse, ndiye chinthucho chimayenera kupita kumene kuli makinawo: chigaza cha Little Foot, kholo lina lamakedzana la anthu, chinanyamulidwa kuchokera ku Johannesburg kupita ku Diamond Light Source ku England mu 2019 pa chifukwa chimenechi. Ngakhale Lucy yemwe, ali ku America anajambulidwa ndi makina a CT ku University of Texas ku Austin, ndipo zithunzizo zinabala mfundo ya mu 2016 yakuti anafa atagwa mumtengo, imene akatswiri ena amaitsutsa mpaka pano. Chithunzi sichingakupatseni DNA kapena zaka za fupa. Palinso funso limene mapangano akale sankaliganizira, lakuti mwini fayilo ndi ndani, ndipo ndani angalole kuti wina aumbe nayo chofanizira n'kumagulitsa. Zimenezi zizilembedwa m'chikalata chinthucho chisananyamuke.

Tiyanjane, Lilongwe

Ndathokoza nonse. Zikuoneka kuti nkhani ya DNA ndiyambe ndaisiya, koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachilambalale. Mitundu ya chambo imafanana kwambiri kunja, ndipo posiyanitsa lidole ndi karongae kapena squamipinnis timadalira kwambiri fupa la kummero limene lili ndi mano ang'onoang'ono. Kuti munthu alione ayenera kulitulutsa. Kodi pamenepa ndichite bwanji?

Bambo Kalua, Zomba

Mayi, kutulutsa fupa limenelo kumawerengedwa ngati kuononga chitsanzo, ndiye musayerekeze kuchita popanda chilolezo cholembedwa. Koma funsani kaye, chifukwa Trewavas ankadalira kwambiri fupa lomwelo pa ntchito yake, ndipo pa nsomba zambiri zimene akatswiri akale anaziunika, fupalo linatulutsidwa kale n'kuikidwa m'kabotolo kakang'ono m'kati mwa botolo lalikulu. Ngati lilipo, mukhoza kupempha kuti alijambule pambali pa rula, kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, komanso kuti akutumizireni chithunzi cha ekisire cha nsomba yonse kuti muwerenge mafupa a msana. Ngati atakulolani kudula pa nsomba ina imene si type, mwambo wake ndi kudula mbali ya kumanja, chifukwa mbali ya kumanzere ndi imene timayezera ndi kujambula.

Musayang'anenso ku London kokha. South African Institute for Aquatic Biodiversity ku Makhanda ndi Royal Museum for Central Africa ku Tervuren ku Belgium ali ndi nsomba zambiri za m'nyanja ya Malawi, ndipo zimene si type n'zosavuta kubwereka. Kwa ma type enieniwo, njira yachidule ndi kupita nokha kukawayeza komweko, ndipo ndalama za ulendowo muzilembe m'pempho lanu la thandizo la kafukufuku.

Kumbali ya kuno, konzani mapepala phukusi lisananyamuke. Aphunzitsi anu adziwitse a kasitomu mwa kalata kuti katunduyo ndi zitsanzo zakufa za sayansi, zosagulitsa, ndipo zidzabwezedwa. Ngati mudzafune kutumiza kunja tizidutswa ta nsomba zanu zatsopano, pamenepo pakulowa chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi, cha National Commission for Science and Technology, ndi malamulo a pangano la Nagoya lokhudza kugawana phindu lochokera ku zamoyo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo Malawi ali momwemo. Chambo sichili pa mndandanda wa CITES, pangano loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa pakati pa mayiko, koma amene mukufufuza ngaka, minyanga ya njovu kapena mkungudza wa ku Mulanje, umene unaikidwapo mu 2019, mudziwe kuti ngakhale kachidutswa kakang'ono kamafuna mapepala ake. Mafupa akale ndi zokumbidwa pansi zili pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act.

Mayi Nasimango, Zomba

Ndionjezere kanthu kamene oyang'anira zitsanzo amakambirana okhaokha. Zinthu zambiri zobwerekedwa sizitayika panjira, zimatayikira m'maofesi. Munthu amabwereka, kafukufuku amachedwa, iye amasamuka kapena kupuma pantchito, ndipo katoni imatsala pamwamba pa kabati mpaka wina wosadziwa adzaitaye pokonza ofesi. Ndinalandirapo phukusi la zomera limene linabwezedwa ndi mdzukulu wa wobwereka, mapepala ena atadyedwa ndi tizilombo mpaka kutsala mapesi okha. Sukulu imodzi ikachita zimenezi, dzina lake limalembedwa, ndipo ophunzira onse obwera pambuyo amakanizidwa osadziwa chifukwa chake. Ndiye achemwali, chilichonse chimene mudzalandire, chikalata chake chikhale ndi makope awiri, lina kwa inu, lina ku ofesi ya dipatimenti, ndipo pa katoni mulembe ndi zilembo zazikulu dzina la eni ake ndi tsiku lobwezera.

Nsomba zanu za ku Mangochi nazonso musadzazitaye mukamaliza kulemba. Iliyonse muipatse nambala, muijambule isanasinthe mtundu, mudule chipsepse cha kumanja n'kuchiika mu ethanol wamphamvu nsombayo isanalowe mu fomalini, ndipo kapepala kake mulembe ndi pensulo chifukwa inki wamba imasungunuka. Mugwirizane ndi aphunzitsi anu kuti zidzasungidwa m'malo awiri osiyana, amodzi a kuno ndi ena a kunja, ndipo nambala zake mudzazilembe m'buku lanu la kafukufuku.